Piyano ya agogo ndi mlimi wa ku Kisa

Abale anga, moni nonse, kaya muli ku Malmö, ku Joni, ku Leeds kapena kwathu kumene. Mukamva mawu anga akumveka mwachilendo lero, dziwani kuti ndikulankhula nditagona chagada pansi, foni ili pachifuwa. Msana wakana mpando.

Lachiwiri tinasamutsa agogo ena kuno ku Linköping, ku Sweden. Nsanjika yachinayi, nyumba yakale yopanda hiss (chikepe), masitepe okhotakhota, ndipo m'nyumbamo munali piyano. Anzanga a ntchito ya flytt, yosamutsa katundu wa anthu, mukudziwa kale, sindifotokoza. Tinali awiri okha, ine ndi mnzanga wa ku Eritrea. Bwana anati wachitatu ali m'njira, mpaka lero sanafike. Tinayamba 7 koloko m'mawa, galimoto tinakaitseka 6 koloko madzulo kunja kuli mdima bii. Dzulo ndikuyang'ana zomwe bwana walemba, ndikupeza maola 8. Maola 11 asanduka 8! Akuti nthawi ya pamsewu sawerenga, akutinso tinakhala pansi n'kumamwa khofi.

Khofiyo tinamwadi, mphindi 20 zokha, ndipo ndi amene wandichititsa kuti nditsegule foni lero.

Piyano itafika pansi, agogo aja anatiitana ku fika, kumwa khofi kwa kuno. Mkulu wa imvi mbuu, manja akuluakulu ngati makasu. Anandigwira paphewa n'kundifunsa ngati ndimamudziwa Magnus Samuelsson. Nkhope ndinkaidziwa, ndani kuno sanamuonepo pa TV? Koma agogowo anakulira kufupi ndi Kisa, kum'mwera kwa Linköping kuno, kwawo kwa Magnus, ndiye atayamba kufotokoza khofi anazizira m'makapu.

Magnus ameneyu anabadwa mu 1969, mwana wa pafamu, mlimi weniweni wodzukira ng'ombe. Kutalika mamita awiri. Asanayambe zonyamula miyala anali katswiri wopindana mkono patebulo. Mu 1995 anapita ku World's Strongest Man, mpikisano wa anthu amphamvu padziko lonse, ku Bahamas, n'kumukhazika patebulo ndi chimphona cha ku Australia, Nathan Jones. Mkono wa Jones unathyoka pomwepo, makamera akujambula. Agogo pofotokoza zimenezi sanaseke ayi, anati mnyamata uja analibe mtima woipa, kungoti ankadziwa luso la mkono pomwe mnzakeyo ankadalira thupi lokha. Mawu amenewo ndawasunga, ndibwererako. Mu 1998, ku Tangier m'dziko la Morocco, mlimi wa ku Kisa anakhala munthu wamphamvu kuposa onse padziko lapansi. Ankamutcha mfumu ya miyala chifukwa cha miyala yobulungira ija, yoposa makilogalamu 100 umodzi, yomwe amaikumbatira n'kuikweza pamwamba motsatizana.

Ndipo sanali woyamba wa kuno kupikisana nawo. Mpikisanowu unayamba mu 1977, ndipo chaka chotsatira Lars Hedlund wa kuno anali kale wachitatu. Mu 1979 anakhala wachiwiri, mu 1980 wachiwirinso, kumbuyo kwa Bill Kazmaier wa ku America. Kawiri konse kufika pakhomo koma osalowa. Agogo anati Sweden inadikira zaka 18 kuchokera pamenepo kuti chikho chibwere. Magnus atakula, kunabwera Johannes Årsjö, yemwe anatenga Sveriges Starkaste Man, mpikisano wa munthu wamphamvu kuposa onse mu Sweden, chaka ndi chaka mpaka anthu kuzolowera. Mayiko ozizirawa anali ataugwira mpikisano wa padziko lonse pakhosi: Jouko Ahola wa ku Finland mu 1997 ndi 1999, Janne Virtanen mu 2000, Svend Karlsen wa ku Norway mu 2001.

Za 2001 zinandiimitsa kutafuna. Mukudziwa kumene anachitira? Ku Zambia, pa mathithi a Mosi-oa-Tunya! Karlsen woyamba, Magnus wachiwiri, Virtanen wachitatu. Achimwene a ku Livingstone amene mumamvera pulogalamuyi, ena a inu mwina munawaona ndi maso. Ine ndinauza agogo kuti kumeneko n'kwa aneba athu, ife ndi a ku Chipata timamvana chilankhulo. Maso awo anawala. Zaka zonse ndakhala kuno, ndi anthu ochepa amene ndikatchula Malawi amadziwa kuti ndi mbali iti ya mapu.

Koma zandipweteka, abale anga, ndipo ndinene mosabisa. Ndinafunsa agogo kuti masewera amenewa anachokera kuti. Anati pafamu ya bambo awo, pafupi ndi khola, panali mwala. Anyamata aganyu ankayesana pamwala umenewo, woutukula ndiye ankalemekezeka. Mwamva? Anthu aganyu. Masewera onsewa, kuyenda utanyamula zolemera m'manja monse ngati mlimi wanyamula zigubu, kutukula chipika, kukoka lole, ndi ntchito za anthu osauka zomwe anaziika pa TV. Dziko lino limadziwa kulemekeza mphamvu. Magnus anafika mpaka popambana mpikisano wovina wa pa TV mu 2009, dziko lonse likumuombera m'manja. Nanga ine amene ndatsitsa piyano nsanjika zinayi, mphamvu yanga bwanji ikudulidwa maola atatu?

Ndiye ndinagona usiku ndikuganiza za kwathu. Anyamata okweza mabelo a fodya pa lole ku Limbe. Akabaza okwera chitunda ndi matumba atatu a makala panjinga. Amuna otsika phiri la Zomba thabwa lili pamutu, opanda nsapato. Amayi anga, Mulungu awasunge, ndowa ya malita 20 pamutu, mwana kumbuyo, khasu m'manja. Malume anga ankaponya thumba la chimanga la makilogalamu 50 pangolo ngati akuponya mtsamiro, atangodya mbatata ziwiri. Anthu amenewa mutawapatsa nyama ndi mkaka wa kuno, mutawapatsa wowaphunzitsa, ndikunena pano ndipo sindibweza, Sweden ikanatidziwa. Ine ndemwe pa flytt palibe mnyamata wa kuno amene wandisiyapo pamasitepe. Amabwera a ku jimu, zifuwa zili tutumu, ikafika 2 koloko masana akufunsa kuti titha nthawi yanji.

Tsopano ndilankhule ndi inu achinyamata amene mwangofika. Bwana akakutamani kuti ndinu amphamvu, tcherani khutu kawiri. Ine ananditama chaka chonse, "du är stark, du är stark", kutanthauza kuti ndiwe wamphamvu, ndipo chifukwa cha kutamidwako ndinavomera ntchito ya anthu atatu tili awiri. Jones uja anali wamkulu kuposa Magnus, koma mkono wothyoka unali wake. Thupi lopanda luso limathyoka. Valani malamba onyamulira, pindani maondo, piyano ikafuna anthu atatu nenani kuti atatu, asakuchititseni manyazi. Akatswiri aja amanyamula mwala mphindi imodzi n'kukapuma, dokotala ali pambali. Inu mukunyamula maola 11, ndipo msana ukaduka palibe adzatumize ndalama kumudzi m'malo mwanu. Ana anu sadzadya dzina loti bambo awo anali amphamvu. Lembani maola anu tsiku ndi tsiku, jambulani wotchi poyamba ndi pomaliza. Ndipo lowani facket, bungwe loimira ogwira ntchito, musamvere oti n'kutaya ndalama. Ine ndinachedwa kulowa, koma ndinalowa.

Lolemba ndikupita kukaonana nawo a facket, kope langa lili m'thumba, tsamba la Lachiwiri ndalipinda kale. Mnzanga wa ku Eritrea wavomera kuti tipitire limodzi. Agogo aja anandilembera nambala yawo kumbuyo kwa risiti, anati pakafunika mboni ya nthawi imene tinamaliza ndiwaimbire. Anatinso chipale chikasungunuka adzanditenga pagalimoto tikaone ngati mwala uja ukadalipo pafamu ya bambo awo. Ndawauza kuti msana ukapola ndikufuna ndikauyese.