Musanawoloke pa Mwami: Zoyenera Kudziwa Ngati Muli ndi Chilolezo Chokhalira mu Zambia

Moni nonse amene mukuonera. Vidiyo ya lero ndi ya anzathu ochokera m'maiko ena amene akukhala kuno ku Chipata pa chilolezo chokhalira m'dziko, chija a Immigration amachitcha residence permit, ndipo amawoloka malire pa Mwami kupita ku Mchinji, pa Lusuntha cha ku Lundazi, kapena pa Chanida kulowa mu Mozambique.

Chinthu choyamba kumvetsa n'chakuti chilolezo chanucho ndi cha boma la Zambia, motero chimakuthandizani pobwerera kuno, koma sichikutsegulirani khomo la dziko lina. Ofesala wa ku Malawi amayang'ana pasipoti yanu, ndipo dziko limene linakupatsani pasipotiyo ndilo limasonyeza ngati mukufunika viza kapena ayi. Ambiri amasokonezeka pamenepa, makamaka chiyambire 2022 pamene Mwami ndi Mchinji anakhala malo amodzi ochitirapo zonse. Maofesala a maiko awiriwa amagwirira ntchito pamodzi, koma aliyense amatsata malamulo a kwawo.

Choncho nyamulani zonse ziwiri, pasipoti yotsala ndi miyezi yosachepera 6 isanathe, ndi khadi lenileni la chilolezo, osati fotokope yokha. Akakudindirani, onetsetsani tsiku lili pa chidindocho musanachoke pamalopo, pakuti kukonza cholakwika mutafika kale ku Lilongwe n'kovuta kwambiri. Oyenda pa galimoto yawoyawo asaiwale white book, lomwe ndi buku losonyeza mwini galimoto, ndi inshuwalansi ya COMESA Yellow Card, imene imagwira ntchito ku Malawi.

Koma nkhani imene imandidetsa nkhawa kwambiri ndi ya kukhalitsa kunja. Malinga ndi lamulo la Immigration and Deportation Act la 2010, chilolezochi chimatha mphamvu ngati mwini wake wakhala kunja kwa Zambia kupitirira miyezi 12 osadziwitsa mkulu wa Immigration m'kalata. Munthu akhoza kupita kwawo kukadwazika kholo, matenda n'kutenga nthawi, miyezi n'kumapita osazindikira, pobwerera n'kupeza kuti chilolezo chimene anachivutikira zaka zambiri chatha ntchito, pamene nyumba, ana ndi bizinesi zili kuno. Ngati mukuona kuti ulendo wanu ungatalike, pitani ku ofesi ya Immigration kuno ku Chipata musananyamuke, mukapereke kalatayo, ndipo musunge kope lake lodindidwa pamodzi ndi pasipoti yanu.