Timapaipi Todzikulunga Tokha

[Pa sikirini: dzanja likunyowetsa pepala mbali imodzi]

Tengani pepala, mulinyowetse mbali imodzi yokha. Mwaona? Layamba kupindika. Mbali yonyowa yafufuma, youma yakana kusuntha, ndiye poti ziwirizi n'zomatana, pepala langopinda msana. Nzeru yomweyi ndi imene akatswiri amapangira timapaipi topyapyala kuposa tsitsi la m'mutu mwanu.

Anayamba ndi a zamagetsi. Mu 2000, Victor Prinz ndi anzake ku Novosibirsk, ku Russia, anakulunga timapaipi ta semiconductor, zinthu zomwe amapangira tizipangizo ta m'kati mwa makompyuta ndi mafoni. Mu 2005, ku Dresden, ku Germany, Valeriy Luchnikov, Manfred Stamm ndi mnzawo anaonetsa kuti ndi polima nazonso zimatheka. Polima ndi gulu la zinthu momwe muli pulasitiki.

[Chithunzi: timizere tiwiri, kena pamwamba pa kanzake]

Amapaka polima yotchedwa P4VP pa kambale kosalala, pamwamba pake n'kupakanso polystyrene, ija ya makapu otaya mukamwera. Amawalitsapo kuwala kwa UV kuti zilimbe, zisasungunuke. Kenako amacheka kamzere ndi kampeni n'kuviika m'madzi a asidi pang'ono. P4VP imamwa madziwo n'kufufuma, polystyrene madzi siiwafuna n'komwe. Kansalu ka polima ziwirizi kamamatuka kuyambira pochekedwa paja, n'kudzikulunga ngati mphasa. Kansalu kakapyapyala, kapaipi kamatulukanso kochepa.

Tsono bwanji osangoboola kabowo? Apa m'pamene pandisangalatsa ine. Mkati mwa kapaipi kotere simungalowetse chida chilichonse. Koma kansalu kasanakulungike n'kotambasuka, mutha kuikapo chomwe mukufuna, kaya timizere ta golide todutsa magetsi, kaya mankhwala. Kakakulungika, chomwe chinali pamwamba chimapezeka mkati. Mwakongoletsa m'nyumba khoma lisanaime.

[Vidiyo: kansalu kakutseka, kenako kakutseguka]

Ku Dresden komweko, gulu la Leonid Ionov linagwiritsa ntchito polima ina, PNIPAM, yomwe imafufuma m'madzi ozizira koma imafota madzi akapyola madigiri 32 kapena pafupi pamenepo. Madzi akazizira, kansalu kamatseka n'kugwira maselo a yisiti. Akafunda, kamatambasuka n'kuwamasula.

Vuto lake, kansalu ka makona anayi sikamvera nthawi zonse. Kena kamakulungika m'litali, kena m'lifupi, kena kamayambira m'makona onse nthawi imodzi n'kupiringizika pakati. Yesani ndi pepala lanu lija, mulidule lalitali ndi lalifupi, muone lomwe likuvutani.