Mawu a M'mawa: Masiku Atatu pa Gombe

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mwadzuka bwanji? Mawu athu a lero akuchokera pa Yoswa 3:1-17.

Mu Marichi 2023, namondwe Freddy atangodutsa, tinanyamuka ku Blantyre anthu asanu, galimoto itadzaza matumba a ufa ndi tenti imodzi, kukazonda abale athu amene anathawira m'misasa ku Nsanje. Tinatsika mapiri bwinobwino ndi kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, koma tisanafike ku Bangula tinapeza msewu wamizidwa ndi madzi ofiira amatope, amene ankakokolola mapesi a chimanga ndi mitengo yozuka ndi mizu yomwe. Dzuwa linkawala, ndipo ine ndinali woyamba kulimbikitsa dalaivala kuti alowemo, ponena kuti tili pa ntchito ya Mulungu ndipo Iye sangatisiye.

Agogo ena amene anakhala pansi pa mtengo anatiyandikira nati, "Ana anga, madzi awa si a mvula ya kuno, akuchokera kumapiri, ndipo simukudziwa ngati pansi pake msewu ukadalipo." Atatero anazika kamtengo pamene madziwo anathera, natiuza kuti tizikayang'ana kamtengoko m'mawa ndi madzulo. Tinakhoma tenti pachitunda ndi kugona pamenepo kawiri, kukutentha monga kumatenthera ku chigwa kuno, udzudzu ukulira m'makutu, ndipo mtima wanga unali kudandaula kuti ufa uli m'galimoto pamene ana akugona ndi njala kutsidya.

Ndi mu tentimo, powerenga ndi tochi ya pafoni, m'mene ndinaona chimene ndinkachidumpha m'nkhani ya Yoswa. Timathamangira kukamba za madzi amene anaima ngati mulu, koma tisanafike pamenepo Aisraeli anamanga misasa m'mbali mwa Yordano masiku atatu, mtsinjewo utasefukira m'magombe ake onse chifukwa inali nyengo yokolola. Dziko lolonjezedwa ankaliona ndi maso, komabe sanaloledwe kuponda m'madzi kufikira likasa la chipangano litatsogola, iwo akutsatira pambuyo mtunda wa mikono ngati 2,000, chifukwa njira imeneyo anali asanayendemo. Ndinazindikira kuti chimene ndinkachitcha chikhulupiriro tsiku loyamba lija chinali phuma chabe, ndipo ndinkafuna kuti Mulungu atsatire galimoto yathu m'malo moti ife titsatire Iye. Ambirife timachita zomwezo pa nkhani ya banja, ngongole ndi ntchito, ndipo tikamira timafunsa kumene Ambuye anali.

M'mawa wa tsiku lachitatu tinapeza kamtengo kaja katatsala pouma, madzi ataphwa ndithu. Anyamata awiri a m'mudzimo anatsogola wapansi atagwira nsungwi, akufufuza pansi, ife tikutsatira pang'onopang'ono. Pakati penipeni nsungwi ya mmodzi inalowa yonse, pakuti mbali ya kumanzere ya msewu inali itagumuka, pamene matayala athu akanadutsa. Anatilozera kumanja, ndipo madzulo ake amayi a pamsasa anali akutereka miphika.

Ambuye, tsogolerani aliyense amene wadzuka lero ataima pa gombe, ndipo mukumbukire abale athu a ku Makhanga ndi ku Chiromo amene amagona akumvetsera kulira kwa Ruo. Ameni.