Mawu a m'mawa: Musamuponyere m'madzi

Agalatiya 6:1

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo. Lero tifatse naye munthu amene walakwa uja, amene vesi lathu likuti timubweze ndi mzimu wofatsa. Tifatse naye ndithu.

Titenge chitsanzo cha kusambitsa mphaka. Mphaka amadzisambitsa yekha ndi lilime, ndipo nthawi zambiri safuna thandizo lathu. Koma akagwera m'mafuta, akadzipaka zonyansa, kapena akakalamba n'kumalephera kudzinyambita, mpamene timalowererapo. Ambirife timalakwitsa pomwepa. Timangomunyamula n'kumuviika m'beseni lodzaza, iye n'kutikala, ife n'kumati mphakayu ndi wamwano. Si mwano, abale, ndi mantha.

Amene amadziwa amayamba popanda madzi. Masiku oyamba beseni likhale louma, mwayalamo thaulo, mwaikamo kachakudya kamene amakonda, alowe yekha ndi kutuluka yekha. Akazolowera, nyowetsani kansalu mumupukute mapazi okha. Tsiku lina thiranimo madzi ongofika m'mapazi. Zingatenge sabata kapena kuposa, palibe chothamangira. Nanga m'bale amene wagwa m'tchimo, bwanji tikufuna ayere lero lomwe, mawu athu onse atsanulidwe pamutu pake kamodzin'kamodzi?

Tsiku losamba likayandikira, muwengereni nsonga za zikhadabo dzulo lake. Mupeseni ubweya usananyowe, chifukwa wopotana ukalowa madzi umamangana kwambiri. Madzi muthiriretu iye asanalowe m'chipindamo, poti phokoso la mpopi limamuopsa. Akhale ofunda, pafupifupi madigiri 37, ndipo akuya masentimita 5 mpaka 8 basi. Thaulo lija lisachoke pansi. Mphaka amene mapazi ake akuterera amamenya nkhondo, koma akapeza popondapo amadekha. Munthu nayenso, musanamudzudzule mpatseni popondapo. Adziwe kuti simukumutaya.

Thirani ndi kapu, kuyambira m'mapewa kutsikira kumchira. Kumutu ayi. Madzi asalowe m'makutu kapena m'maso, nkhope ingopukutidwa ndi kansalu konyowa. Dzanja limodzi limugwirire pachifuwa, osamunyamula ndi chikopa cha pakhosi.

Za sopo tisamalitse. Gwiritsani ntchito shampu ya amphaka yokha. Sopo wa anthu amaumitsa khungu lake, ndipo mankhwala ena ophera nthata za agalu ali ndi permethrin, amene angathe kupha mphaka. Chimene chinathandiza wina chingavulaze wina. Mawu olimba amene anabweza mwana wanu woyamba, mwina ndi omwe akuthawitsa wachiwiriyu. Tsukuluzaninso mpaka thovu lonse litatha, chifukwa chotsalira adzachinyambita n'kumeza. Momwemonso mawu owawa amene tasiya pa munthu, amakawabwereza yekha usiku.

Ndipo muzimuyang'ana. Makutu akagona chakumbuyo, mchira n'kumamenya uku ndi uku, kulira kwasanduka kokalipa, lekezani pomwepo ngakhale simunamalize. Mukakakamiza, ulendo wina adzathawa akangoona beseni. Ena anasiya kubwera kumapemphero chifukwa cha zomwezi, ndipo ife tikudziwa. Mtumwi Paulo sanati wolakwayo timusiye m'matope ayi, anati timubweze, koma ndi mzimu wofatsa, tikudziyang'anira tokha.

Mukamaliza, mufunditseni thaulo louma, mumusunge pofunda popanda mphepo mpaka aumiretu, makamaka akakhala wamng'ono, poti ana amphaka amazizidwa msanga. Kenako mupatseni kachakudya kaja. M'bale amene mwalankhula naye mawu ovuta, musamusiye ali chinyowere. Madzulo ano muimbireni foni, mumufunse ngati wadya.