Ubongo pa maikulosikopu: mbali iliyonse ili ndi kamangidwe kake

Moni abale ndi alongo kuno ku Joni, ndi inu amene mukuonera muli kumudzi.

Ndi maso chabe, mbali zambiri za ubongo zimaoneka ngati zofanana. Koma dulani kachidutswa kopyapyala, mukathire mankhwala, mukaike pa maikulosikopu, muona zina.

Njira yake anaitulukira Camillo Golgi wa ku Italy mu 1873. Mankhwala ake a siliva amadetsa ma neuron (maselo a ubongo otumiza mauthenga) ochepa okha, enawo n'kuwasiya osaoneka, ndiye selo limodzi limaonekera lonse ndi nthambi zake. Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain anajambula maselowa pamanja, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1906.

 Tiyambe ndi cortex, mbali yakunja ya ubongo yamakwinya ija. Malo ambiri ili ndi magawo 6 osanjikizana, koma sachindikala mofanana. Gawo lachinayi ndi lolandira mauthenga, n'chifukwa chake kumbuyo kwa mutu, kumene kumafikira zoona ndi maso, n'lochindikala kwambiri. Dera loyendetsa minofu nalo gawo lachinayilo lili ngati kulibe. Kumeneko lalikulu ndi lachisanu, mmene muli zimaselo za Betz zomwe ulusi wake umatsika mpaka mumsana. Katswiri wa ubongo Korbinian Brodmann anatsata kusiyana kumeneku, ndipo mu 1909 anapatsa maderawa manambala mpaka 52. Madokotala akuwatchulabe mpaka lero.

Koma chimene chimandizizwitsa ine ndi cerebellum, kaubongo ka kunkhongo. Pa kulemera, ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 10 a ubongo wonse. Komatu pa ma neuron pafupifupi 86 biliyoni amene munthu ali nawo, 80 mwa 100 alionse ali mmenemu! Ndi timaselo ting'onoting'ono ta granule, tothithikana ngati anthu m'mafulati a ku Hillbrow kuno ku Joni. Pamwamba pake pandandalika mzere umodzi wokha wa maselo a Purkinje, lililonse lotambasula nthambi zaphwatalala zolandira mauthenga masauzande ambirimbiri. Ntchito yawo ndi kuongola kayendedwe ka thupi kuti phazi lifike pomwe mwafuna.

Munthu akamadzandira pochokera kumowa Loweruka usiku, ndi cerebellum yasokonezeka. Kukacha amachira. Koma akamwa mwauchidakwa kwa zaka zambiri, maselo a Purkinje amafa ndipo sabwereranso, moti amadzandirabe ngakhale asanalawe n'dontho lomwe.