Kabuku kofiira ndi usiku umene sindinagone

Muli bwanji nonse amene mukumvera? Ndili ku Leeds kuno, mvula ikuwaza pawindo monga mwa masiku onse, ndipo mwana wagona, ndiye ndilankhula chapansipansi.

Kuno ku England mwana akabadwa amakupatsa kabuku kofiira kolembamo sikelo ndi akatemera. Wanga atakwanitsa chaka, kunabwera kalata yoti tikabayitse MMR, katemera wa chikuku, matsagwidi ndi rubella. Usiku womwewo pagulu lathu la amayi pa WhatsApp wina anaponyapo vidiyo, n'kulemba kuti, "Amayi anzanga, musayerekeze, ameneyu amayambitsa autism." Autism ndi vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi anthu. Mtima unangoti myuu. Kunja kunacha ndili maso.

M'mawa ndinakafunsa anamwino. Sanandiseke, anakoka mpando n'kukhala pansi. Anati mphekeserayi inayambira konkuno, ku London, mu 1998, pamene dokotala Andrew Wakefield anasindikiza kafukufuku m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Ana amene anawayeza anali 12 okha. Mtolankhani Brian Deer anafukula kuti bamboyu ankalandira ndalama kudzera kwa loya amene ankakonza zosumira opanga katemera. Mu 2010 magaziniyo inachotsa nkhaniyo, ndipo Wakefield anafufutidwa m'kaundula wa madokotala. Ku Denmark anatsatira ana oposa 650,000, zotsatira zinatuluka mu 2019, ndipo obayidwa sanapezeke ndi autism kuposa osabayidwa.

Koma chimene chinandikhazika mtima pansi ndi china. Anamwinowo anati zizindikiro za autism zimayamba kuoneka mwana ali pakati pa chaka chimodzi ndi ziwiri, nthawi yomweyo ya jakisoniyu. Mayi akaona mwana wasiya kutembenuka akamamuitana, amakumbukira singano ya mwezi watha. Ndani angamudzudzule? Ndili ndi mnzanga wa kutchalitchi amene mwana wake ali ndi autism, ndipo anakhala zaka akudziimba mlandu kuti ndiye anamunyamula yekha kupita naye kukabayitsa. Zimenezo n'zimene zimandikwiyitsa ndi mavidiyo amenewa.

Tinabayitsa. Analira pang'ono, ndinamuyamwitsa, anatonthola tisanafike pa basi. Patatha sabata thupi linatentha masiku awiri, monga mmene anandichenjezera, kenako n'kuyambiranso kugwetsa mapoto kukhitchini.

Vidiyo ija yabweranso pagulu dzulo. Ndajambula tsamba la kabuku kofiira lija n'kutumiza, ndipo amayi awiri andiimbira kale kumbali.