Musandilembere chidule, ndikufuna ndondomeko ya olankhula

Eee achemwali, ndangoti ndijambule mawu chifukwa kulemba kunditengera nthawi. Rekodi ya gulu la uphungu lija mwailandira eti? Musanayambe onetsetsani kuti aliyense anasaina kuvomera kujambulidwa, ndipo dzina la munthu lisaoneke pena paliponse, aliyense mumupatse chilembo chake, A, B, C mpaka onse akwane, wotsogolera gulu akhale T.

Ndiye apa mvetsetsani. Musandilembere zoti "B analankhula kwambiri, D anali phee", ayi, zimenezo sizindithandiza. Ndikufuna ndani wayankhula, wamutsatira ndani, kenako ndani, mungondandalika choncho, A B A T C A B A, mpaka sesheni ithe. Pakakhala zii lembani S ndi masekondi ake. Wina akadula mnzake pakamwa chongani pamenepo.

Mwina mukuti bwanji kuvutika chonchi. Nkhani yake ndi chaos theory, mfundo yoti kusiyana kwakung'ono poyambira kumatha kusintha zotsatira zonse. Mu 1961 Edward Lorenz ankayesa zanyengo pa kompyuta, pobwereza analowetsa 0.506 mmalo mwa 0.506127, kusiyana kwake kochepetsetsa koma zotsatira zinapita kwina kotheratu. Gulu la anthu nalo limatero, munthu akufotokoza za imfa ya mayi ake mawu akunjenjemera, wina angoyang'ana pa foni, basi uja wasiya pakati, wina walowetsa nkhani ina, ola lonse lakhotera kwina. Mukawerengera avereji kanthu kameneko kamasowa, pomwe ndi kamene tikukafuna.

Komanso musaganize kuti chaos ndi chipwirikiti chabe, mkati mwake mumakhala zinthu zobwerezabwereza. David Pincus ndi Stephen Guastello mu 2005 anafufuza momwe anthu amasinthanirana kuyankhula pa gulu ngati lomweli pofuna timizere ta ndondomeko ya olankhula tomwe timabwererabwerera. Ifenso tichita zomwezo. Mukaona A B A ikubwera kangapo ijambuleni mzere kunsi, koma chimene ndikuchifuna kwambiri ndi pomwe kamzere ka A B A kameneko kaduka, mwina D amene samayankhula walowapo mwadzidzidzi. Lembani mphindi yake ndi mawu amene ananenedwa kamzereko kasanaduke ndendende, musawakonze galamala, ngakhale kuseka kapena kuusa moyo lembani.

Yambani ndi mphindi 20 zoyambirira zokha munditumizire ndione kaye tisanapitirire. Pomwe simukumva bwino amene wayankhula ikani chizindikiro cha funso, musangoganizira.